Ukalamba, kutupa ndi kuchepa kwa mphamvu m'maselo: chimadya ubongo n'chiyani?

Pa zinthu zonse zimene zimaika munthu pa chiopsezo cha matenda ofooketsa ubongo, chachikulu ndi zaka. Munthu akapitirira zaka 65, chiopsezo chodwala matenda a Alzheimer chimawirikiza kawiri pa zaka zisanu zilizonse. Komabe ziliko nkhalamba za zaka 90 zimene zimatchula mayina a zidzukulu zonse osaphonya, ndipo pakabuka mkangano wa malire a munda ndizo zimaitanidwa kudzaloza pamene panali mtengo. Ndiye kuti ukalamba pawokha si matenda. Funso limene lasautsa akatswiri kwa zaka zoposa 100 ndi ili: kodi ukalamba umasintha chiyani mu ubongo kuti matendawa apeze polowera, ndipo n'chifukwa chiyani amagwira uyu n'kusiya uyo?

Mayankho a masiku ano amazungulira pa zinthu zitatu: kuunjikana kwa mapuloteni opindika molakwika, kutupa kosatha, ndi kufooka kwa tizigawo topanga mphamvu m'maselo. Zoti zitatuzi zimapezeka mu ubongo wodwala, palibe amatsutsa. Mkangano uli pa chimene chimayamba.

## Matenda amene tikunena

Mu ubongo wa munthu muli maselo otumiza mauthenga, otchedwa manyuroni, pafupifupi 86 biliyoni. Matenda amene tikunena pano ndi aja amene manyuroni a mbali inayake amafooka n'kumafa pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Amasiyana ndi sitiroko, imene imagwetsa munthu tsiku limodzi, ngakhale kuti kwa okalamba ambiri mavuto a mitsempha ya magazi ndi matendawa zimayendera limodzi.

Matenda a Alzheimer amayambira kumbali ya ubongo yosunga zinthu zatsopano, yotchedwa hippocampus, ndi malo oyandikana nayo. N'chifukwa chake gogo wodwala amatha kusimba bwinobwino za njala ya 1949 koma osakumbukira ngati wamwa phala m'mawa uno. Matenda a Parkinson amapha manyuroni opanga dopamine pa kachigawo kotchedwa substantia nigra. Munthu amanjenjemera dzanja akakhala phee, thupi limauma, nkhope imasiya kusonyeza zakumtima, ndipo poyenda amakhwekhwereza mapazi. Palinso ALS, imene imapha manyuroni olamulira minofu, ndi matenda a Huntington, amene ndi akumtundu kotheratu.

Bungwe la World Health Organization limati mu 2021 anthu 57 miliyoni anali ndi matenda oiwalaiwala, ndipo oposa 60 mwa 100 alionse anali m'mayiko osauka ndi opezako pang'ono. Ambiri mwa iwo, pakati pa 60 ndi 70 mwa 100 alionse, vuto lawo ndi Alzheimer. Odwala Parkinson anali oposa 8.5 miliyoni mu 2019.

## Mmene maganizo anayendera

James Parkinson, dokotala wa ku London, anafotokoza matenda onjenjemera mu 1817 ataona anthu asanu ndi mmodzi okha, ena mwa iwo anangowaona akudutsa mumsewu. Mu 1906 Alois Alzheimer wa ku Germany anayeza ubongo wa mayi wina, Auguste Deter, amene anagonekedwa m'chipatala ku Frankfurt ali ndi zaka 51 atayamba kuiwala ndi kusokonezeka. Anapezamo timibulu touma pakati pa manyuroni ndi timaulusi topiringizana mkati mwake. Panapita zaka pafupifupi 80 asanadziwe kuti timibuluto ndi puloteni yotchedwa amyloid, ndipo timaulusito ndi ina yotchedwa tau. Mu 1992 John Hardy ndi Gerald Higgins analemba kuti amyloid ndiye gwero la zonse, zina zonse n'zotsatira. Ganizoli linalamulira kafukufuku ndi ndalama zake kwa zaka 30.

Maganizo ena awiri anali akuyenda chapambali. Mu 1956 Denham Harman wa ku America anati thupi limakalamba chifukwa cha tizinthu tolusa timene timatuluka maselo akamagwiritsa ntchito okosijeni, ndipo mu 1972 analoza chala mitochondria kuti ndiyo gwero lake lalikulu. Kumbali ya kutupa, Pío del Río Hortega wa ku Spain anali atafotokoza kale mu 1919 za maselo ang'onoang'ono oteteza ubongo, otchedwa microglia. Mu 2000 Claudio Franceschi wa ku Italy anatsindika kuti magazi a okalamba amasonyeza kutupa kwapansipansi kumene sikutha, ndipo anati kutupaku ndiko kumalumikiza matenda ambiri a ukalamba.

## Ubongo ndi njala yake ya mphamvu

Ubongo umalemera pafupifupi magawo 2 pa 100 a thupi lonse, koma umadya pafupifupi magawo 20 pa 100 a mphamvu zimene munthu amagwiritsa ntchito akakhala phee. Zambiri zimathera pa ntchito imodzi. Nyuroni ikatumiza uthenga, timchere ta sodium ndi potassium timadutsa chikuto chake, ndipo iyenera kutipopa n'kutibwezera m'malo mwake kuti ithe kutumiza uthenga wina. Ubongo ulibe chakudya chosungira mawa. Magazi akasiya kufika kwa masekondi ochepa munthu amakomoka, akasiya kwa mphindi zingapo manyuroni amayamba kufa.

Mphamvuzi zimapangidwa mu mitochondria, tizigawo topezeka mazanamazana pafupifupi m'selo lililonse. Mitochondria imatenga zophwanyika za shuga ndi mpweya wa okosijeni n'kupanga ATP, chinthu chimene chimayendetsa ntchito iliyonse ya selo. Ntchitoyi imadutsa m'magulu asanu a mapuloteni, ndipo loyamba limatchedwa complex I. Zili ngati mbaula: ikakhala yabwino imapereka moto wambiri ndi utsi pang'ono, ikatha imadya makala omwewo koma moto wochepa, utsi tolo. Utsi wa mitochondria ndi tizinthu tolusa tija ta Harman, totchedwa ma free radical, timene timawononga mafuta, mapuloteni ndi DNA za selo. Mitochondria ili ndi DNA yakeyake ya majini 37, imene munthu amatengera kwa mayi okha, ndipo zolakwika zimaunjikana m'menemo zaka zikamapita.

Maselo onse a m'thupi amakumana ndi zimenezi, koma manyuroni ali ndi tsoka lapadera. Maselo a khungu ndi a m'matumbo amafa n'kulowedwa m'malo ndi atsopano pa masiku kapena masabata. Manyuroni ambiri munthu amabadwa nawo ndipo ayenera kufika nawo kumanda. Chinanso, nyuroni ndi yaitali. Imene imachokera kumsana kukalamulira chala cha kuphazi imatha kufika mita imodzi, ndipo mitochondria iyenera kunyamulidwa mtunda wonsewo kukafika kunsonga, yowonongeka n'kubwezedwa kapena kuphwanyidwa. Manyuroni a dopamine a mu substantia nigra ndiwo amanyanya. Akatswiri amayerekezera kuti imodzi yokha ili ndi nthambi zimene zitalumikizidwa zingapitirire mamita 4, ndi malumikizano oposa 1 miliyoni, komanso imagunda yokha usana ndi usiku. Selo lotere limakhala m'malire nthawi zonse, moti mphamvu zikangotsika pang'ono, ilo ndilo limayamba kugonja.

Umboni wamphamvu wa zimenezi unabwera mwangozi. Mu 1982 ku California, anthu angapo ogwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo anafika kuchipatala atauma thupi lonse, osatha kuyenda kapena kulankhula, ngati anthu amene adwala Parkinson kwa zaka zambiri. Dokotala William Langston anapeza kuti mankhwala amene anadzibaya anali ndi poizoni wotchedwa MPTP. Poizoniyu akalowa mu ubongo amasinthika, n'kukokedwa ndi manyuroni a dopamine, kenako amatseka complex I. Matenda amene amatenga zaka anachitika pa masiku ochepa. Mu 1989 Anthony Schapira ndi anzake ku London anapeza kuti complex I ndi yofooka mu substantia nigra ya odwala Parkinson wamba amene sanakhudzepo poizoniyu. Kenako majini anaikira umboni. Jini ya Parkin, imene inapezeka ku Japan mu 1998, ndi ya PINK1, imene inapezeka mu 2004, zikawonongeka zimabweretsa Parkinson munthu akadali wachinyamata. Ntchito ya ziwirizi ndi kuika chizindikiro pa mitochondria yowonongeka kuti selo liichotse.

Owerenga amene anamwapo ma ARV oyambirira aja, kapena kusamalira wachibale amene ankamwa, anaona ndi maso mfundo yomweyi. Stavudine, amene anali m'mapiritsi a Triomune, ankalepheretsa mitochondria kuchulukitsa DNA yake. Zotsatira zake zinali mapazi kuchita dzanzi ndi kuwotcha, chifukwa minyewa yaitali kwambiri ndiyo imayamba kuvutika mphamvu zikachepa. N'chimodzi mwa zifukwa zimene Malawi anasiyira mankhwalawa pakati pa 2011 ndi 2013.

Pa Alzheimer umboni wa mphamvu ulipo, koma ndi wofowokerapo. Makina ojambula ubongo a PET amasonyeza kuti mbali zimene zidzadwale zimayamba kudya shuga wochepa zaka zambiri munthu asanayambe kuiwala, ngakhale mwa achinyamata a zaka za m'ma 20 ndi 30 amene ali ndi jini ya APOE4, imene imakweza chiopsezo cha matendawa. Chovuta n'chakuti nyuroni yodwala pa chifukwa china chilichonse imadyanso shuga wochepa, ndiye chithunzicho sichinena chimene chinayamba.

## Kutupa kosaoneka ndi maso

Kutupa kumene aliyense amakudziwa ndi kwa pabala: kufiira, kutentha, kufufuma ndi kupweteka. Kumeneko n'kwabwino. Ndi asilikali a m'thupi akupha tizilombo ndi kuchotsa zowonongeka, ndipo ntchito ikatha kumaphwa. Kutupa kumene kukukhudza nkhani yathu sikuoneka, sikupweteka, ndipo sikutha. Kumadziwika poyeza m'magazi zinthu monga CRP ndi interleukin-6. Kumakolezedwa ndi mafuta a pamimba, matenda a shuga, fodya, utsi, matenda a nkhama, ndiponso kachilombo ka HIV, ngakhale mwa anthu amene akumwa mankhwala mokhulupirika.

Ubongo uli ndi alonda akeake, ma microglia aja, amene ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a maselo ake. Amameza zinyalala ndi maselo akufa, ndipo mwana akamakula amadula malumikizano osafunika pakati pa manyuroni. Kwa nthawi yaitali anthu ankaona ma microglia atazungulira timibulu ta amyloid n'kumati angobwera kudzasesa zinthu zitawonongeka kale. Majini ndiwo anasintha maganizowa. Mu 2013 magulu awiri a akatswiri anapeza kuti kusintha kwina kwa jini ya TREM2, imene mu ubongo imagwira ntchito m'ma microglia, kumakweza chiopsezo cha Alzheimer pafupifupi katatu. Kafukufuku wamkulu wa 2022 anapeza malo 75 mu DNA okhudzana ndi matendawa, ndipo ambiri mwa iwo amakhudza ntchito ya ma microglia. Munthu amabadwa ndi majini ake matenda asanayambe, ndiye maselowa sangakhale ongobwera pambuyo.

Koma apa pali chinthu chimene olankhula za kutupa amakonda kuchilumpha. Kusintha kwa TREM2 kumene kumabweretsa matenda kumafooketsa ma microglia, sikuwawonjezera ukali. Alonda aulesi ndi oopsa mofanana ndi alonda olusa. Poyamba ma microglia amameza amyloid ndi kuitchinga kuti isafalikire. Akatokosoledwa kwa zaka popanda kupuma, amasiya kusesa n'kumangotulutsa mankhwala owotcha, ndipo mu 2016 gulu la Beth Stevens ku Boston linasonyeza pa mbewa kuti amayambiranso kudula malumikizano, ulendo uno abwinobwino. Kutha kwa malumikizano ndiko kumayenderana kwambiri ndi kuiwala.

Kutupa kwa m'thupi kumafikanso ku ubongo. Pa kafukufuku wa 2009 ku Southampton, odwala Alzheimer amene anadwala matenda ena obweretsa kutupa, monga a m'chifuwa kapena a m'chikhodzodzo, nzeru zawo zinatsika mofulumira kawiri kuposa anzawo pa miyezi isanu ndi umodzi.

## Pamene ziwirizi zimakumana

Mitochondria inachokera ku mabakiteriya amene analowa m'maselo ena zaka zoposa 1.5 biliyoni zapitazo n'kukhazikika momwemo, ganizo limene Lynn Margulis analimenyera nkhondo kuyambira 1967. Mpaka lero DNA yake imafanana ndi ya bakiteriya. Ikakhala mkati mwa mitochondria palibe vuto. Mitochondria ikang'ambika, DNA ija n'kutayikira m'selo, timisampha ta selo tozindikira adani, monga cGAS-STING ndi NLRP3, timafwamphuka ngati kwalowa kachilombo, ndipo kutupa kumayamba popanda mdani weniweni.

Kutupako kumatulutsa zinthu monga nitric oxide zimene zimafooketsanso mitochondria yotsala. Mphamvu zikachepa, ntchito yophwanya mapuloteni opindika imatsalira, chifukwa nayonso imadya ATP. Mapuloteniwo akaunjikana amatseka njira zonyamulira mitochondria m'nthambi za nyuroni, ndipo amakwiyitsanso ma microglia. Chilichonse mwa zitatuzi chimadyetsa zinzake. Mu 2018 gulu la Richard Youle ku America linaona kuti mbewa zopanda Parkin kapena PINK1 zikathamangitsidwa mpaka kutheratu zimatupa kudzera mu msampha wa STING uja. Mu 2023 gulu la Andrea Ablasser ku Lausanne linatseka STING mu mbewa zokalamba, ndipo kutupa kwa mu ubongo kunachepa, kukumbukira n'kubwererako. Izi ndi mbewa, ndipo mbewa sizidwala Alzheimer zokha. Mankhwala ambiri amene anachiza mbewa analephera pa anthu.

Ukalamba umakankha mbali zonse nthawi imodzi. Kuchotsa mitochondria yowonongeka kumachedwa. Maselo ena otopa amasiya kugawikana koma amakana kufa, n'kumangotulutsa zotupitsa. Timitsempha ta magazi ta mu ubongo timauma ndi kuchucha, moti chotchinga chimene chimalekanitsa magazi ndi ubongo chimalowetsa zimene chinkatsekereza.

## Chimayamba n'chiti?

Otsatira amyloid ali ndi umboni wovuta kuukana. Mabanja ochepa, osakwana 1 mwa odwala 100 alionse, ali ndi majini amene amasokoneza kapangidwe ka amyloid, ndipo pafupifupi aliyense wotengera jiniyo amadwala, nthawi zambiri asanafike zaka 60. Banja lalikulu lotere lili ku Antioquia m'dziko la Colombia, kumene anthu amayamba kuiwala ali ndi zaka za m'ma 40. Anthu obadwa ndi Down syndrome ali ndi jini ya amyloid yowonjezera, ndipo ambiri amadwala Alzheimer akakula. Ku Iceland mu 2012 kunapezeka jini imene imachepetsa amyloid, ndipo eni ake amatetezeka.

Otsutsa nawonso ali ndi pogwira. Pafupifupi mmodzi mwa okalamba atatu alionse amene nzeru zawo zili bwinobwino ali ndi timibulu ta amyloid mu ubongo. Kukula kwa matenda kumayenderana kwambiri ndi tau kusiyana ndi amyloid. Ndipo mankhwala atsopano, lecanemab amene America inavomereza mu 2023 ndi donanemab wa mu 2024, amachotsa amyloid yambiri koma matenda saima. Lecanemab anachedwetsa kutsika kwa nzeru ndi magawo 27 pa 100 pa miyezi 18, ndipo ena mwa olandira anatupa ubongo kapena kutaya magazi pang'ono mu ubongo. Mbali zonse ziwiri zimawerenga zotsatirazi ngati chipambano chawo.

Mu 2004 Russell Swerdlow ndi Shaharyar Khan anati pa Alzheimer wa okalamba wamba, mitochondria ndiyo imayamba kufooka ndipo amyloid imatsatira. Ena amati choyambitsa ndi tizilombo tobisala m'thupi. Ganizoli linkanyozedwa, koma linapeza mphamvu mu 2025. Ku Wales katemera wa mashingozi, matenda obwera ndi kachilombo kotere, ankaperekedwa kwa obadwa pa 2 September 1933 kapena pambuyo pake, obadwa tsikulo lisanafike ayi. Anthu osiyana sabata imodzi yokha pa kubadwa sayembekezeka kusiyana pa china chilichonse, komabe olandira katemera anachepa ndi pafupifupi magawo 20 pa 100 pa kupezeka ndi matenda oiwalaiwala m'zaka zisanu ndi ziwiri. Ngati katemerayo anathandiza poletsa kachilombo kapena posintha chitetezo cha m'thupi, akatswiri akukanganabe.

Kuyesa maganizowa ndi mankhwala kwakhala kokhumudwitsa. Anthu odwala nyamakazi amene amamwa mankhwala ochepetsa kutupa kwa zaka ankaoneka kuti sadwala Alzheimer kawirikawiri. Koma atapereka naproxen ndi celecoxib mwadala kwa okalamba ku America, sizinateteze, ndipo kafukufukuyo anaimitsidwa mu 2004 poopa kuwononga mtima. Vitamini E, coenzyme Q10 ndi creatine, zimene zinkayembekezeka kuteteza mitochondria, zinayesedwa pa odwala Parkinson ambirimbiri ndipo sizinachedwetse matenda. Exenatide, mankhwala a shuga amene anapereka chiyembekezo poyamba, analephera pa kafukufuku wamkulu wa ku Britain mu 2025.

Kulepheraku kungatanthauze kuti maganizowo ndi olakwika. Kungatanthauzenso kuti mankhwalawo anafika mochedwa, chifukwa amyloid imayamba kuunjikana zaka 15 mpaka 20 munthu asanaiwale kanthu, ndipo dzanja likamayamba kunjenjemera manyuroni ambiri a dopamine amakhala atapita kale. Kapena mankhwalawo ndi obuntha: amazimitsa kutupa koteteza pamodzi ndi kowononga, ndipo ma free radical ochepa thupi limawafuna potumiza mauthenga m'maselo. Zimene zimagwirizana bwino ndi umboni wonse n'zakuti khomo lolowera si limodzi. Wa ku Antioquia amalowera ku amyloid, wa jini ya PINK1 amalowera ku mitochondria, wa TREM2 amalowera ku ma microglia, ndipo gogo wa zaka 85 amene ali ndi BP ndi shuga mwina analowera ponseponse pang'onopang'ono. Kufunafuna choyambitsa chimodzi cha onsewa kukuoneka kuti kwataya zaka zambiri.

## Umboni wambiri ndi wa azungu

Pafupifupi zonse zanenedwazi zinapezeka pa anthu a ku Ulaya ndi ku America, ndipo pamene ayeza anthu ena chithunzi chasintha. Kafukufuku amene anayamba mu 1992 anayerekezera okalamba achiyoruba a ku Ibadan m'dziko la Nigeria ndi anthu akuda a ku Indianapolis. Chiwerengero cha odwala atsopano chaka chilichonse ku Ibadan chinali chosakwana theka la cha ku Indianapolis, ndipo jini ya APOE4, imene kwa azungu imakweza chiopsezo katatu munthu akatengera kwa kholo limodzi, inali ndi mphamvu yochepa kwambiri kwa Ayoruba. Mu 2023 kunapezeka kusintha kwa jini ya GBA1 kumene kumakweza chiopsezo cha Parkinson mwa anthu ochokera ku West Africa, kumene kwa azungu sikupezeka kawirikawiri.

Ngakhale mfundo yakuti ukalamba umabweretsa kutupa yagwedezeka. Kafukufuku wa 2025 anayerekezera anthu a ku Italy ndi ku Singapore ndi a mtundu wa Tsimane ku Bolivia ndi Orang Asli ku Malaysia. Magulu awiri omalizawa anali ndi kutupa kwambiri chifukwa cha tizilombo, koma kutupako sikunkakwera ndi zaka ndipo sikunkayenderana ndi matenda a ukalamba monga ku Italy. Zikusonyeza kuti kutupa kochokera ku tizilombo n'kosiyana ndi kochokera ku kunenepa ndi kukhala pansi. Funsoli ndi lathu ndithu, popeza munthu mmodzi kwathu kuno amatha kukula ndi malungo ndi njoka za m'mimba, n'kudzakalamba ndi BP ndi shuga m'tauni.

## Zimene zingachitike lero

M'chaka cha 2000 Mmalawi ankayembekezeka kukhala ndi moyo zaka zosakwana 50. Lero ndi zoposa 60, ndipo amene anayamba ma ARV ali ndi zaka 35 tsopano ndi agogo. Matendawa achuluka basi.

Mu 2024 gulu la akatswiri la magazini ya zachipatala ya Lancet linatchula zinthu 14 zosinthika zimene linati zikukhudza pafupifupi 45 mwa odwala matenda oiwalaiwala 100 alionse: kusapita patali ndi sukulu, kusamva bwino, kusaona bwino, BP, shuga, mafuta oipa m'magazi, kunenepa kwambiri, fodya, mowa wambiri, kusagwiritsa ntchito thupi, kuvulala m'mutu, matenda ovutika maganizo, kukhala wekhawekha ndi mpweya woipa. Chiwerengerochi n'chowerengera chabe, sichikutanthauza kuti wochita zonse bwino sangadwale. Koma zambiri mwa zinthuzi zimadutsa m'njira zomwe zija: zimakoleza kutupa, kapena zimachepetsa magazi ndi mphamvu zofika ku manyuroni. BP ndiye nkhani yaikulu. Kafukufuku wa 2009 anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa akuluakulu atatu alionse m'Malawi ali nayo, ambiri osadziwa. Kuyenda ndi kugwira ntchito zotulutsa thukuta ndi njira yotsimikizika yochulukitsira mitochondria m'minofu, mfundo imene John Holloszy anaisonyeza mu 1967. Chipewa cholimba pa kabaza wa njinga yamoto ndi khitchini yotuluka utsi zili m'gulu lomweli. Ogulitsa mapiritsi ndi tiyi "otsuka ubongo" amabwereka mawu a sayansi imeneyi, koma zina mwa zinthu zimene amatamazo ndi zomwe zija zinayesedwa n'kulephera.

Alimi ali ndi chawo chapadera. Rotenone amatseka complex I ngati MPTP, ndipo mu 2000 anabweretsa zizindikiro za Parkinson mu makoswe. Kafukufuku wa alimi a ku America mu 2011 anapeza kuti ogwiritsa ntchito rotenone kapena paraquat ankadwala Parkinson kuwirikiza kawiri ndi theka. Kusakaniza mankhwala opopera ndi manja opanda kanthu, kapena kupopera mphepo ikubwerera kumaso, kuli ndi mtengo umene umalipiridwa patapita zaka.

Kwa wodwala kale, chofunika choyamba ndi kusiyanitsa. Munthu wokalamba akasokonezeka mwadzidzidzi, pa maola kapena masiku ochepa, kawirikawiri gwero lake ndi malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, kuchepa kwa madzi m'thupi kapena kutsika kwa shuga, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Kuiwala kwapang'onopang'ono nakonso kungachokere ku zinthu zochizika: kusowa vitamini B12, chithokomiro chofooka, chindoko chakale, HIV, nkhawa yaikulu, kapena mankhwala ena amene munthu akumwa.

Wodwala Alzheimer amatha kudzuka pakati pa usiku, n'kupezeka m'bandakucha ali chilili pakhomo pa mnansi, mwina osavala, akutchula mayina a anthu amene anamwalira kalekale. Akafunsidwa mwaukali amavomera chilichonse, chifukwa sakukumbukira ndipo akuopa. M'madera ambiri zimenezi zimatengedwa ngati umboni wa ufiti, ndipo nkhalamba zamenyedwa ndi kuthamangitsidwa m'midzi. Lamulo la m'Malawi la 1911 lokhudza ufiti limati kuneneza munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Chimene banja likuona ndi ubongo umene wataya mphamvu yozindikira nthawi ndi malo, ndipo chimathandiza ndi kutseka bwino zitseko usiku, kusiya nyali ikuyaka, kusasintha malo ogona, ndi kudziwitsa anansi ndi amfumu za matendawo zinthu zisanafike poipa.

Pa Parkinson mankhwala alipo. Levodopa, amene wakhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndipo ali pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa World Health Organization, amabwezera dopamine wosowayo, moti munthu amene ankalephera kumanga mabatani a malaya amatha kudzidyetsa ndi kuyenda kwa zaka zambiri. Saletsa manyuroni kufa, n'chifukwa chake mlingo umasinthidwa matenda akamakula. Ayenera kumwedwa pa nthawi yake tsiku lililonse, ndipo kuwasiya mwadzidzidzi n'koopsa, choncho banja lizikatenga ena botolo lisanathe.